Amayi Okhalira Ulendo: Mpamba Woyamba ndi Thupi

Kuno kunyanja, kuyambira ku Kande kudutsa Chintheche mpaka kukafika ku Usisya, kuyenda si nkhani yachilendo. Amishoni atasamukira ku Bandawe mu 1881 n'kutsegula sukulu, anyamata a kuno anali m'gulu la anthu oyamba m'dziko muno kudziwa kulemba ndi kuwerengera. Maphunziro omwewo ndi amene anawatsegulira njira ya ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, anali mwana wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe pomwepa. Ambiri ankabwerako ndi masutikesi, njinga ndi makina osokera. Ena anapitiratu, ndipo ndi amene timawatchula kuti matchona.

Masiku amenewo woyenda anali bambo. Mayi ankatsala pakhomo akuviika chinangwa, kulera ana ndi kudikira kalata. Koma njira ya kumigodi inatsekeka. Boma linaletsa Wenela mu 1974 ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown, ndipo TEBA imene inabwera pambuyo pake inasiya kulemba Amalawi mu 1988. Lero mukaima pamsewu wa M5 m'bandakucha, amene mungawaone akukweza madengu pa lole ambiri ndi amayi. Ena mwa iwo ndi alongo athu a mu mpingo, a Dorika anzathu, oimba kwaya. Pa mwezi amagona pakhomo masiku ochepa, ena onse amathera pagombe, m'basi ndi m'misika.

Ife amene timathandiza pa zaumoyo m'mipingo ya m'mbali mwa nyanja takhala tikucheza nawo amayi amenewa, pena poyeza kuthamanga kwa magazi, pena pamaliro, pena pongokumana podikira galimoto. Zimene amatiuza n'zimene tikufuna tikambirane mwezi uno. Aliyense wa iwo amadziwa mpamba wake mpaka pa kwacha yomaliza. Koma mpamba umene umanyamula mipamba ina yonse, lomwe ndi thupi lake, palibe amene amauwerengera.

Maulendo ake ndi otani?

Gulu loyamba ndi la amayi otsata usipa. Usipa suchedwa malo amodzi. Ukamveka ku Tukombo amathamangira kumeneko, ukamveka ku Usisya, ku Ruarwe kapena ku Chizumulu amakwera boti kapena kudikira Ilala. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland, inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ndipo imazungulira kamodzi pa sabata pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Ikakuphonya, kapena ikapita kokonzedwa, udikira. Ku Usisya siifika kumtunda. Anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono n'kumalizira ulendo m'madzi, dengu lili pamutu, mwana ali kumbuyo. Mayi amakhala pagombe masiku angapo, mwina masabata awiri, akugula pang'onopang'ono, kufutsa, kuyanika pa thandala, mpaka katundu akwane. Akatero ulendo wina umayamba, wopita ku Mzuzu, ku Mzimba, ku Kasungu kapena ku Lilongwe, kumene amakhalanso mpaka nsomba zithe.

Gulu lachiwiri ndi la owoloka malire. Amadutsa ku Karonga n'kuolokera pa Songwe kukagula zitenje, ziwiya ndi nsapato ku Kyela, ku Mbeya, ena mpaka ku Kariakoo mu mzinda wa Dar es Salaam. Ena amalowera kum'mwera, pa basi yodutsa ku Tete, ku Nyamapanda, ku Harare ndi ku Beitbridge mpaka ku Johannesburg, ulendo wa masiku awiri kapena kuposerapo munthu ali chokhala.

Gulu lachitatu ndi la amene amapita kukagwira ntchito za m'nyumba ku South Africa. Mmalawi amaloledwa kukhala m'dzikolo masiku 30 popanda chitupa china. Ambiri masikuwo amawathera ali konko, ndipo kuyambira pamenepo amakhala mwamantha, moti ngakhale kuchipatala amaopa kupita.

Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, phindu la amayi onsewa linachepa. Mtengo wa thiransipoti sangausinthe, msonkho sangauchepetse. Ndiye amadula pati? Amadula pa chakudya chawo, pa malo ogona, ndi pa ulendo wa kuchipatala.

Tulo, madzi ndi chakudya

Chinthu choyamba chimene pafupifupi onse amatchula ndi tulo. Asodzi a usipa amapita panyanja usiku ndi nyali n'kubwera m'bandakucha, ndipo wogula akachedwa apeza anzake atenga kale. Masana ndi oyanika ndi kuingitsa akhwangwala ndi mbuzi. Kumsika wa m'tauni ambiri amagona pambali pa madengu awo kuopa akuba. Mayi wina wa ku Kande anatiuza kuti pa ulendo amagona ngati kalulu, khutu lili panja, ndipo akafika pakhomo amadwala mutu masiku awiri. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena 8. Kusagona kwa nthawi yaitali kumakweza magazi, kumafooketsa thupi polimbana ndi matenda, komanso kumachititsa munthu kulakwitsa powerengera ndalama. Amayi amene amayenda awiriawiri kapena atatu apezako njira: amalondera katundu mosinthana, wina akugona tulo tenitweni.

Chachiwiri ndi madzi. Ambiri samwa dala. Basi siima pamene mayi akufuna, zimbudzi za m'madepoti ndi zolipira ndipo zina n'zosalowereka, m'boti muli abambo okhaokha. Ndiye mayi amatha tsiku lonse osamwa, mkodzo nawo akuusunga. Mapeto ake ndi kutentha pokodza, kupweteka m'munsi mwa mimba, kudzimbidwa ndi litsipa. Matenda a m'chikhodzodzo akalekereredwa amakwera ku impso, ndipo pamenepo munthu amayamba kutentha thupi ndi kupweteka m'mbali mwa msana. Langizo lathu ndi lakuti imwani madzi ambiri m'mawa kwambiri musananyamuke, muzimwa pang'onopang'ono m'njira, ndipo galimoto ikaima tsikani, ngakhale simunapanikizike. Ndalama ya chimbudzi ikhale mbali ya bajeti ya ulendo, monga mmene ilili ndalama ya wonyamula katundu.

Kutsikako kuli ndi phindu linanso. Kukhala maola ambiri miyendo itapindika, katundu ali pamaondo, kumachedwetsa magazi m'mitsempha. Mapazi onse awiri akatupa pang'ono n'kuphwa mukagona, si zoopsa kwenikweni. Koma mwendo umodzi ukatupa, n'kumapweteka ndi kutentha m'katumba, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo musausisite, chifukwa mwina magazi aundana. Vutoli limakonda amayi oyembekezera, amene angobereka kumene, ndi onenepa. Muli m'basi momwemo muzigwedeza mapazi ndi kuongola maondo kawirikawiri.

Chachitatu ndi chakudya. Pakhomo timadya kondowole wa chigwada, nyemba, nthochi ndi mango. Pamsewu pali chipisi, mandasi, zitumbuwa ndi zakumwa zotsekemera, ndipo masiku ano kwabweranso zakumwa zothamangitsa tulo zimene zimagunditsa mtima. Mayi akadya zotere kwa zaka zisanu, thupi limalemera, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimalowa mwakachetechete. Amayi amene ayenda zaka zambiri ali athanzi amanyamula kamba wa pakhomo: mtedza wokazinga, mbatata kapena chinangwa chophika, chimanga chokazinga, nthochi ndi malalanje. Akakhalitsa pagombe amasonkherana ufa ndi ndiwo zamasamba n'kumaphika m'phika umodzi. Zimatsika mtengo kuposa kugula mbale, ndipo amadziwa madzi amene aphikira.

Matenda a pagombe

Nyumba zambiri kuno zili ndi neti, koma mayi akanyamuka netiyo imatsala ndi ana. Iye amakagona m'chisakasa, pakhonde la sitolo, kapena pansi pa thandala, pamene udzudzu wa malungo uli pa ntchito. Neti ya ulendo ndi yofunika ngati beseni. Ikhale yakeyake, yosachoka m'chikwama. Thupi likatentha, kayezetseni magazi pachipatala chilichonse chapafupi m'malo mongogula mapiritsi pa okala. Akakupatsani LA, imwani kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka athe, ndipo muzidyera kanthu ka mafuta monga mtedza kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Ambiri amasiya tsiku lachiwiri poona kuti apeza bwino ndipo galimoto yapezeka. Malungo otero amakawagwetsa ali kumsika, kutali ndi abale.

Likodzo nalo ndi mnzawo wa amayi a nsomba. Tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi osaya, makamaka pamene pali bango ndi udzu, ndipo timalowa pakhungu munthu akamatsuka nsomba, kuchapa kapena kusamba. Tonse timadziwa za mkodzo wa magazi mwa anyamata. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mwa amayi likodzo limatha kuyambitsa zilonda m'njira ya chiberekero, kupweteka m'chinena, kutaya magazi pambuyo pokhala malo amodzi ndi bambo, ngakhale kuvuta kutenga pathupi. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo pali mabanja amene agwedezeka chifukwa bambo anaganiza kuti mkazi wake wabwera nazo ku ulendo. Mukapita kuchipatala ndi vuto lotere, auzeni adokotala kuti mumagwira ntchito m'madzi a m'nyanja. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Madzi osamba mukawatunga n'kuwasunga masiku awiri, kapena kuwatenthetsa, tizilomboto timafa.

Sitinaiwale kolera imene inayamba mu Malichi 2022, yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lathu, imene inapha anthu oposa 1,700. Boma lathu la Nkhata Bay linali limodzi mwa amene anakhudzidwa kwambiri, makamaka m'magombe a asodzi, kumene anthu amachuluka koma zimbudzi n'zochepa. Mayi wa ulendo asasowe botolo la mankhwala othira m'madzi, sopo wake, ndi mapaketi awiri kapena atatu a Thanzi ORS. Ngati paketi palibe, thirani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, muzimwa muli pa ulendo wopita kuchipatala. Kolera imatha kupha munthu wamkulu tsiku lisanathe.

Kwa amene amawamba nsomba kapena kufutsa pa nkhuni, utsi umawononga maso ndi chifuwa. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ngati mukuonda ndi kutuluka thukuta usiku, musangoti ndi utsi. Kayezetseni makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma.

Mankhwala a tsiku ndi tsiku

Pakati pa amayi a ulendo pali amene amamwa ma ARV, a kuthamanga kwa magazi, a shuga, kapena a khunyu. Vuto lawo ndi limodzi: tsiku lokatenga mankhwala limakwana iwo ali kutsidya. Mayi wina wa ku Usisya anatifotokozera kuti mwera unamutsekera ku chilumba kwa masiku ambiri, mapiritsi atamuthera, ndipo sanauze munthu aliyense chifukwa anzake a pagombe sankadziwa za mmene alili. Mwera umawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo ukakwiya palibe boti limene limayenda.

Pali zinthu zitatu zothandiza. Choyamba, auzeni achipatala kuti ntchito yanu ndi yoyendayenda. Amene akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo tizilombo tachepa m'magazi amatha kupatsidwa a miyezi 6 nthawi imodzi. Chachiwiri, buku lanu la kuchipatala liziyenda nanu, lokulungidwa m'pulasitiki kuopa madzi. Mankhwala akakutherani kutali, pitani nalo pachipatala chapafupi chimene chimapereka ma ARV, akupatsani oti akufikitseni kwanu. Chachitatu, mankhwala azikhala m'kachikwama ka pathupi, m'botolo lake lenileni, osati m'katundu amene amakwezedwa pamwamba pa basi padzuwa, amene mwinanso angasochere pa malire. Nyamulani a masabata awiri kuposa masiku amene mukuganiza kuti mukakhala.

Kuthamanga kwa magazi sikupweteka. Amayi ambiri amamwa mapiritsi mutu ukawawa, n'kusiya ukaleka. Kumeneko n'kuitana sitiroko. Mankhwalawa ndi a tsiku lililonse, kaya muli pakhomo, kaya muli pa Beitbridge.

Palinso khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Kuyezetsa kwake kumatenga mphindi zochepa ndipo ikapezeka msanga imachizika. Mayi wa ulendo amangoti ndikabwerako, chaka n'kutha. Pakadafunda padajiwitsa.

Nkhani imene sitiyenera kuizemba

Nsomba zikachepa, ogula n'kuchuluka, mwini boti ndiye amasankha womugulitsa. M'magombe ena asodzi ena amafuna thupi la mayi kuti amugulitse nsomba kapena amukongoze. Zoterezi zimachitikanso kwa oyendetsa malole ndi kwa anthu ena a m'malire amene amalonjeza kuolotsa katundu. Amayi amene atiuza zimenezi amalankhula motsitsa mawu, ndipo ambiri amayamba ndi kunena kuti zinachitikira mnzawo.

Tikamva zotere n'kosavuta kunena kuti akazi a nsomba ndi otero. Mawu amenewa avulaza alongo athu ambiri okhulupirika amene akuphunzitsa ana ndi thukuta lawo. Amene amagwa m'msampha umenewu kawirikawiri ndi mayi amene ali yekha, wa mpamba wochepa, wa ngongole yoti abweze Lolemba. Amayi amene amasonkha ndalama pamodzi n'kugula nsomba za boti lonse ngati gulu, msodzi amawalemekeza, chifukwa amalipira pompopompo ndipo palibe amene angamutengere pambali. Magulu ena a banki m'khonde afika pogula ukonde kapena injini yawoyawo. Mutu umodzi susenza denga.

Ngati mayi wagwiriridwa, afike kuchipatala maola 72 asanathe. Kuli mankhwala otchedwa PEP oteteza kuti asatenge kachilombo ka HIV, ndipo amagwira bwino akayambidwa msanga. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Mayi wotere sanachimwe, wachimwiridwa, ndipo akabwera kwa ife ayenera kupeza pothawira.

Tichenjezenso atsikana athu za anthu amene amalonjeza ntchito zabwino kunja kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Amayi ambiri a ku Malawi anapezeka ali m'ukapolo m'nyumba za anthu ku Oman, atalandidwa mapasipoti. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la chaka cha 2015. Munthu akati akulipirirani zonse koma musauze abale, dziwani kuti pali mbuna.

Woyembekezera ndi ana otsala

Mimba siimitsa geni. Timaona amayi a miyezi 7 akukwera lole. Masiku ano achipatala amalangiza kuti mayi apite kusikelo maulendo 8, kuyambira miyezi itatu yoyambirira, kuti alandire mankhwala oteteza malungo ndi oonjezera magazi. Buku la sikelo limalandiridwa pachipatala chilichonse, choncho tsiku likakwana muli ku Mzuzu kapena ku Karonga, pitani konko. Mwezi womaliza si wokhala ku Ruarwe kapena kugombe lopanda msewu. Ukhale wodikira pafupi ndi chipatala. Kutaya magazi, mutu waukulu, kusaona bwino ndi kutupa nkhope ndi zizindikiro zoti katundu asiyidwe pomwepo.

Ana otsala nawo ali pa ulendo wawo. Kawirikawiri amakhala ndi agogo, kapena ndi mtsikana wamkulu wa zaka 13 amene amasanduka mayi wa pakhomo n'kumajomba kusukulu. Katemera ndiye amaphonyeka kwambiri. Nkhata Bay inali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019. Mwana amalandira ali ndi miyezi 5, 6 ndi 7, ndipo womaliza akatsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri. Womalizayu ndiye amaiwalika, chifukwa nthawi imeneyo mwana wasiya kuyamwa ndipo mayi wabwerera pamsewu. Atsikana a zaka 9 amalandira katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero. Musananyamuke, mupatseni wosunga ana mabuku awo a sikelo, muuzeni masiku ake, ndipo musiyireni ndalama ya kabaza yosakhudzidwa, ya tsiku limene mwana watentha thupi usiku. Mungaimbenso foni ku Chipatala Cha Pa Foni kuti mulandire uphungu kwaulere.

Kwa inu abambo amene akazi anu ali pa ulendo: ndalama imene ikubwerayo ndi ya banja, ndipo ntchito imene yatsala pakhomo ndi ya banjanso. Kumutengera mwana kusikelo sikuchotsa ubambo. Mayi akafika, tsiku loyamba likhale lopuma. Mafunso a ndalama ndi mulu wa zochapa zingadikire mawa.

Sabata pa ulendo

Alongo athu amati chowawa kwambiri ndi dzuwa la Lachisanu likamalowa iwo ali pamzere wa pa malire, kapena usipa wauwisi uli pa thandala, mitambo ikubwera. Ena amasiya kubwera kutchalitchi chifukwa cha manyazi, poganiza kuti aliyense akuwawerengera masabata amene anajomba.

Amene akwanitsa kusunga Sabata amati chinsinsi chili pa tsiku lonyamukira. Amayamba ulendo tsiku loyamba la sabata, amasiya kugula nsomba zaziwisi Lachinayi kuti pofika Lachisanu masana zikhale zauma ndi kulongedzedwa, ndipo akaona kuti safika kwawo, amafunsiratu kumene kuli mpingo. Ku Mzuzu, ku Karonga, ku Mbeya, ku Harare, ku Johannesburg, konseko abale alipo. Mayi wina wa ku Chintheche anatiuza kuti banja limene linamulandira Sabata lina kutsidya kwa Songwe ndi limene limamusungira katundu mpaka lero, ndipo sagonanso padepoti. Kwa thupi lotopa ngati limeneli, tsiku lathunthu lopanda kunyamula dengu ndi mankhwala osagula.

Tikumbukenso kuti Lidiya wa m'buku la Machitidwe anali mayi wa geni. Kwawo kunali ku Tiyatira, koma Paulo anamupeza ku Filipi, kutali ndi kwawo, akugulitsa nsalu, ndipo abale ankasonkhana m'nyumba mwake.

Mbali yathu ife otsala

Mapulogalamu a zaumoyo, a mu mpingo ngakhale a m'mudzi, amapeza anthu amene ali pakhomo. Tsiku loyeza magazi likalengezedwa, amabwera ndi agogo ndi ana, pamene amayi amene akufunikira kwambiri ali ku Chizumulu. Koma amayi a usipa ali ndi kalendala yawo, ndipo ili kumwamba. Asodzi amakopa usipa ndi nyali, choncho mwezi ukawala kwambiri nsomba sizibwera ku nyali, maboti ambiri amapuma, ndipo ogula amabwerera kumudzi. Masiku amenewo ndiwo oyenera kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, kuitana alangizi a zaumoyo, ndi kupita pamodzi kukayezetsa khomo la chiberekero.

Tikupempha mpingo uliwonse wa m'mbali mwa nyanja kuti uchite zinthu zinayi m'chigawo chino cha chaka. Atsogoleri a amayi alembe mayina a alongo onse amene amakhalira ulendo, pamodzi ndi nambala za foni za amene amasunga ana awo. A Dorika agawane makomo amenewa, kuti pakhomo lililonse pazifika munthu kamodzi pa sabata kudzaona ngati ana akudya, akupita kusukulu ndi kugona m'neti. Alembi a mpingo azipereka kalata yachidule yodziwitsa mlongo ku mipingo ya kumene amapita. Ndipo a zaumoyo aike tsiku loyeza pa nthawi ya mwezi wowala.

Kwa inu amayi a ulendo, musananyamuke ulendo ukubwerawu, yalani chikwama chanu pamphasa. Muone ngati muli neti, botolo la madzi ndi mankhwala ake, sopo, Thanzi, mapiritsi anu okwanira, buku la kuchipatala ndi kamba wa pakhomo. Pa phindu la ulendo uliwonse, mutapatula chakhumi, patulaninso kandalama ka thupi lanu, kosungidwa pa foni, kosagulira nsomba ngakhale usipa utatsika mtengo bwanji. Dengu likang'ambika mugula lina pa Mpamba. Msana, impso ndi mtima zilibe msika.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kasungidwe ka ufa wa kondowole m'nyengo ya mvula, ndi kuopsa kwa chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira.